Zathu zimaimbidwa masana, ife timafika usiku

Aliyense amene anapitapo ku chikondwerero cha nyimbo mumzinda wa Blantyre akudziwa mmene ndondomeko imayendera. Geti limatsegulidwa dzuwa lili paliwombo. Oyamba kukwera pansanja amakhala magulu a magule, oimba valimba, agogo a banjo, ana asukulu ndi alakatuli. Amenewa amaimbira mipando, ogulitsa chipisi ndi azungu angapo ovala zipewa. Dzuwa likapendeka kumabwera mabandi a m'tauni. Mlendo wochokera kunja ndi woimba amene nyimbo yake yavuta m'maminibasi amasungidwa mpaka usiku, ndipo apa m'pamene ife ophunzira ndi anzathu ongomaliza kumene sukulu timatulukira, titasamba, titatchena, mafoni ali m'manja. Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chimenechi chikutimanitsa gawo lokoma kwambiri la chikondwerero, komanso chikufooketsa oimba amene anthu a maiko ena amalipira ndalama zambiri kuti awaone.

Tiyambe ndi dzina limene nyimbo za pa zikondwerero zotere zimadziwika nalo kunja, lakuti world music. Dzinali silinachokere kwa oimba. Mu June 1987 eni makampani ang'onoang'ono ojambula ndi kugulitsa nyimbo anakumana pamalo ena omwera mowa ku London otchedwa Empress of Russia. Vuto lawo linali la malonda. Chaka cha 1986 chimbale cha Paul Simon cha Graceland, chimene anajambula ndi oimba a ku South Africa, chinagulidwa kwambiri, ndipo anthu ku Ulaya anayamba kufunsa nyimbo za ku Africa, Asia ndi Latin America, koma eni mashopu sankadziwa shelefu yoziikapo. Anagwirizana zoti zonsezo azizitcha world music. Motero kora ya ku Mali, mbira ya ku Zimbabwe ndi makwaya a ku Bulgaria zinalowa m'bokosi limodzi, chifukwa chongoti si za ku England kapena ku America. Chikondwerero cha WOMAD, chimene Peter Gabriel ndi anzake anachichititsa koyamba mu 1982, chinasanduka msika waukulu wa nyimbo zimenezi. Dzinali lakhala likudzudzulidwa, moti mu 2020 a Grammy anasintha mphoto ya Best World Music Album kukhala Best Global Music Album ponena kuti dzina lakalelo limanunkha utsamunda. Koma msikawo ulipobe, ndipo funso lotikhudza ife ndi ili: msika umenewu ukafika ku Malawi, umagula chiyani?

Malawi Mouse Boys anali anyamata ogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu cha ku Balaka, amene ankaimba nyimbo zauzimu ndi magitala opanga okha podikira makasitomala. Anawajambula Ian Brennan wa ku America, chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 anali pansanja ya WOMAD ku England. Brennan yemweyo anajambula akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba, ndipo chimbalecho, I Have No Everything Here, chinalowa nawo mumpikisano wa Grammy wa 2016, koyamba m'mbiri ya dziko lino, ngakhale mphotoyo inapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin. Madalitso Band, ya Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, inatha zaka zambiri ikuimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni, gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yoomba ndi chidendene. Mu 2017 awiriwa anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira zikondwerero za ku Ulaya, nyimbo zawo zikutulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene amaimba babatoni yake ndi kamtengo ndi botolo, anadziwika kunja kudzera pa kanema wa pa intaneti. Yang'anani bwino mayina amenewa. Onsewa ndi oimba amene kwathu kuno tikanawaika masana.

Ndipo izi sizinayambe lero. Mu 1967 katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anapeza anyamata akuimba kwela m'misewu ya Blantyre muno. Anali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, mudzi womwe pambuyo pake unatipatsa Black Missionaries. Kwela inafika kuno ndi makolo athu amene ankakagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury, koma abale awiriwa anaipinda mpaka inakhala yawoyawo. Anakaimba ku Ulaya, akatswiri analemba zambiri za kaimbidwe ka gitala ka Daniel, ndipo Donald asanamwalire mu 2001 anakaphunzitsako nyimbo pa yunivesite ya UCLA ku California. Funsani m'kalasi mwanu kuti ndi angati angatchule nyimbo imodzi ya Daniel Kachamba. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 pa Chiradzulu pompa, aimba moyo wawo wonse, koma ambiri a msinkhu wathu anayamba kuwaona ngati chuma pamene Linny Hoo, imene anaibwereza ndi Patience Namadingo mu 2020, inavuta pa TikTok anthu a maiko akutali n'kuyamba kuivina. Zikuoneka kuti khutu lathu limatseguka mlendo akayamba wagwedeza mutu.

Ndinene zimene ndinaona ndi maso pa chikondwerero china mumzinda muno, pakuti mfundo yopanda umboni ndi mphekesera. Cha m'ma 2 koloko masana panakwera gulu la valimba lochokera ku chigwa cha Shire. Valimba ndi chida chachitali cha matabwa osemedwa, oyalidwa kuyambira lalikulu mpaka laling'ono, ndipo pansi pa matabwawo pamakhala zipanda zokuza mawu. Chipanda chilichonse amachiboola n'kumatapo kanembanemba kopyapyala, kamene kale ankakatenga ku chisa cha kangaude, kuti liwu lizituluka monjenjemera. Amuna atatu anakhala pa chida chimodzi, wina kumbali ya mawu aakulu, wina pakati, wina ku mawu aang'ono. Aliyense ankaomba kachigawo kake kakafupi mobwerezabwereza, kolowa m'mipata imene mnzake wasiya, ndipo zikalukana khutu linkamva nyimbo ina imene palibe mmodzi mwa atatuwo ankaiimba yekha. Ukayang'ana manja a munthu mmodzi suipeza. Ukatsinzina imabwera yonse. Mmodzi akangochedwa pang'ono, zolukazo zimamasuka. Anaimba pafupifupi theka la ola osaphonya, thukuta lili kamukamu. Oonerera tinali osakwana kudzaza minibasi ziwiri.

Atatsika iwo kunabwera bambo wachikulire ndi banjo ya chigubu cha mafuta, zingwe zake mawaya a buleki ya njinga. Nyimbo yake inali ya mkamwini amene watopa ndi kulima munda wa apongozi. Amayi ogulitsa mandasi ndi nthochi chakumpanda anasiya malonda n'kuyamba kuvomera, ena akuseka mzere usanathe chifukwa ankadziwa kumene ukulowera. Pakati pa nyimbo chingwe chimodzi chinaduka. Bamboyo sanaime. Anapitiriza ndi zotsalazo, ndipo chingwe chodukacho anachilowetsa m'nkhani, ati nachonso chathawa ukamwini. Kuimba pamaso pa anthu n'kumeneko: nyimbo imaumbidwa pomwepo, pakati pa woimba ndi omvera, ndipo mawa siidzakhala chimodzimodzi. Azungu aja ankajambula mwachidwi, koma nthabwala zinkawadutsa pamutu. Anthu amene akanamva mwambi uliwonse ndi chining'a chilichonse anali asanafike. Anali ku hostel kapena kunyumba akusita malaya a usiku.

Madzulo, bwalo litayamba kudzaza, kunakwera mlendo wochokera kumadzulo kwa Africa ndi kora. Anaimba bwino zedi, ndipo sindikufuna kumuchepetsa ngakhale pang'ono. Zala zinayi zokha, zazikulu ziwiri ndi zamkombaphala ziwiri, zinkathamanga pa zingwe 21, kwinaku zikusunga mawu apansi, kwinaku zikuimba nyimbo yeniyeniyo. Khamu linakhala chete, chete wa m'tchalitchi uja, ngakhale panalibe amene ankamva chilankhulo chake. Koma taganizani kuti kora ndi chiyani. Ndi theka la chipanda chachikulu lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali, ndi zingwe zimene masiku ano zambiri zimakhala za ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba. Zipangizo zake n'zomwezo za babatoni ndi valimba: chipanda, chikopa, mtengo, chingwe. Palibe ananena kuti kora ndi chida cha amphawi kapena cha kumudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mali, ku Senegal, ku Gambia ndi ku Guinea mabanja a oimba anaisunga mibadwomibadwo, ndipo anthu akwawo anaipatsa ulemu isanakwere ndege. Toumani Diabaté, amene anamwalira mu 2024, anali wolemekezeka ku Bamako asanalandire Grammy. Ulemu umene tinapereka kwa mlendo uja unali womuyenera. Chondiwawa n'chakuti ulemu womwewo tinali nawo m'thumba tsiku lonse, koma a valimba sanaulaweko.

Usiku weniweni unabwera ndi woimba wathu wotchuka, ndipo bwalo linadzaza mpaka kumpanda. Pansanja panali iye, DJ ndi laputopu, ovina anayi ndi mnzake wothandiza kufuula. Nyimbo inkalira kuchokera mu kompyuta pamodzi ndi mawu ake omwe, ojambulidwa kale mu situdiyo. Iye ankalowamo apo ndi apo, kenaka n'kulozetsa maikolofoni kwa ife kuti timalize. Tinavina, ndipo kuvina pamodzi ndi anthu mazanamazana kuli ndi kukoma kwake. Koma tinalipira kuti timve nyimbo imene ili kale m'foni mwathu, kungoti mokweza. Magetsi akanati athime kwa mphindi zisanu, a valimba ndi bambo wa banjo akanapitiriza ngati palibe chachitika, pamene iye akanangoima chilili. M'dziko la kuthimathima kwa magetsi ngati lathu, mayeso amenewa si ongoyerekeza. Sindikunena kuti oimba onse a m'tauni amatero. Black Missionaries akhala akuimba ndi bandi sabata ndi sabata kwa zaka zoposa 20, malemu Lucius Banda ankazungulira dziko lonse ndi Zembani Band, ndipo Faith Mussa amatha kudzaza nsanja ali yekha ndi gitala ndi zida za kumapazi. Koma chizolowezi choimbira pamwamba pa nyimbo yojambula kale chakula, ndipo chakula chifukwa ife omvera timachilola.

Tsono pali zotsutsa zimene ndazimva kwa anzanga, ndipo zina n'zomveka. Choyamba n'chakuti msika wa world music umakonda umphawi wathu. Pali zoona pamenepa. Nkhani za m'manyuzipepala akunja zokhudza Mouse Boys zinkayamba ndi mbewa, za ku Zomba zinkayamba ndi ndende, za Madalitso zimayamba ndi msewu ndi chida chopanga okha. Mmalawi woimba jazz kapena wopanga nyimbo pa kompyuta sagulika msanga pamsika umenewu, chifukwa safanana ndi chithunzi cha Africa chimene wogula ali nacho m'mutu. Komanso zathu zakhala zikutuluka m'dziko muno ife osadziwa. Hugh Tracey anajambula nyimbo za makolo athu m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Mu 2016 opanga nyimbo zamakono anatengamo mawu n'kutulutsa chimbale cha Beating Heart Malawi ku Britain. Zonsezi n'zofunika kuzifunsa mafunso. Koma kuthawa nyimbozo sikuyankha funso lililonse. Ngati mlendo akumva umphawi wokha mu babatoni, n'chifukwa chakuti sakumva Chichewa, ndipo ife amene tikumva sitili pamalopo kuti tinene kuti nyimbo iyi ikukamba za chikondi, iyi za ngongole, iyo ikunyoza mfumu yadyera. Tikasiya bwalo, mbiri ya nyimbo zathu amalemba ndi amene watsala.

Chachiwiri n'chakuti achinyamata ali ndi ufulu wokonda zimene akonda, kuti amapiano, afrobeats, hip hop ndi dancehall nazonso ndi zathu tsopano, ndipo chikhalidwe si katundu woika m'galasi ku nyumba ya zakale ya ku Chichiri. Ndikuvomereza ndi mtima wonse. Kwela ya a Kachamba inali nyimbo ya achinyamata a m'tauni yobwereka ku South Africa, monga amapiano lero. Reggae ya ku Chileka gwero lake ndi Jamaica. Beni ndi malipenga zinabadwa potengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Kubwereka sikunakhalepo mlandu. Koma a Kachamba anabwereka ali ndi zakwawo m'khutu, n'chifukwa chake chimene chinatuluka sichinali fotokope. Malemu Wambali Mkandawire anatenga jazz n'kuiphika ndi ng'oma za kumpoto ndi Chitumbuka, ndipo ku South Africa komweko anamupatsa ulemu chifukwa anawabweretsera chimene analibe. Woimba amene sanamvepo tchopa, manganje kapena vimbuza ali pafupi, akabwereka amapiano amangotulutsa amapiano a ku Pretoria a kaunjika, ndipo msika wa ku Johannesburg suwafuna chifukwa enieniwo uli nawo kale. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa amene ali ndi kasitudiyo m'chipinda, ndipo akufuna liwu losiyana ndi la anzake, ali ndi chifukwa chachikulu kuposa tonsefe chofikira masana n'kukhala pafupi ndi ng'oma.

Chachitatu ndi dzuwa ndi thumba. Kutentha kwa October ku Blantyre si kwamasewera, ndipo tikiti ndi yodula kwa wophunzira amene akuwerengera masiku kuti ndalama ya mwezi ilowe liti. Koma tikitiyo ndi yomweyo kaya wafika 1 koloko masana kaya 9 koloko usiku. Wofika usiku walipira nsima yonse n'kudya mbamu ziwiri. Masana maminibasi a ku Limbe, Bangwe, Chilomoni, Machinjiri ndi Chirimba akuyenda pamtengo wake, pamene pakati pa usiku umadalira kabaza kapena takisi ya mtengo wowirikiza, mtima uli m'mwamba. Kwa atsikana ambiri, ndi kwa aliyense wokhala ndi makolo otseka geti msanga, masana ndiye nthawi yokhayo yotheka. Za dzuwazo, pitani ku Chonde ku Mulanje pa Mulhako wa Alhomwe mu October yemweyo, kapena ku Mkaika ku Zambia pa Kulamba, mukaone anthu zikwizikwi akuonerera magule dzuwa likuswa mtengo. Amalawi sitiopa dzuwa pamene chinthu tachikonda.

Chifukwa chenicheni, mmene ndikuonera ine, ndi manyazi. Timaopa kuoneka achimidzi pamaso pa anzathu. Penapake m'maphunziro athu tinameza maganizo akuti kupita patsogolo ndi kutalikirana ndi kumene tachokera. Timatha kulemba mayeso za Gule Wamkulu ndi Vimbuza, zimene UNESCO inalengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, za Tchopa imene inalowa m'kaundula wa bungweli mu 2014, ndi za sansi imene inalowa mu 2020 pamodzi ndi mbira ya ku Zimbabwe, n'kukhoza bwino lomwe. Koma ng'oma yomweyo ikalira pabwalo timaweramira pafoni. Mzinda uno uli ndi dera lotchedwa Bangwe, ndipo dzinalo timalimva tsiku ndi tsiku kwa oitanira maminibasi ku Limbe. Ndi angati a ife amene akudziwa kuti palinso chida choimbira chotchedwa bangwe, cha thabwa ndi zingwe, chimene agogo athu ankaimba madzulo? Ndi angati anaonapo kaligo, mkangala kapena mangolongondo zikuimbidwa ndi munthu wamoyo?

Mipando yopanda anthu ija ili ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi ena. Wokonza chikondwerero amawerenga mitu. Akaona kuti gulu la valimba linaimbira anthu ochepa, chaka chamawa adzalipatsa mphindi zochepa, ndalama yongokwanira thiransipoti ndi nkhomaliro, mwinanso sadzaliitana n'komwe. Makampani othandiza ndi ndalama amafuna zikwangwani zawo zioneke pamene pali khamu, ndiye ndalama imatsatira usiku. Mwana wa woimba valimba amene anabwera kudzathandiza kunyamula zida amaona zonsezi. Amaona bambo ake akuimbira mipando, wa laputopu akutengedwa pagalimoto ya magalasi akuda. Mukuganiza kuti asankha njira iti? Luso la valimba silitoledwa pa YouTube. Pamafunika kudziwa mtengo woyenera, kusema thabwa mpaka lifike pa liwu lake, kusankha chipanda chogwirizana nalo, ndi kukhala zaka pambali pa wodziwa. Mbadwo umodzi ukangodumphidwa lusolo lapita, ndipo chotsala ndi tepi yosungidwa m'dziko la eni, imene adzukulu athu adzafunika kupempha chilolezo kuti aimvere.

Zikondwerero tili nazo, ndipo amene anaziyambitsa anachita chamuna. Blantyre Arts Festival, imene Thom Chibambo anaiyambitsa mu 2009, yabweretsa mumzinda muno anthu ngati Salif Keita wa ku Mali ndi mlakatuli Mutabaruka wa ku Jamaica. Lake of Stars inayamba mu 2004 ku Chintheche. Sand Music Festival inabwera mu 2010 ndi Lucius Banda. Tumaini Festival, imene Menes La Plume anaiyambitsa mu 2014 kumalo a anthu othawa kwawo ku Dzaleka m'boma la Dowa, kulowa kwake n'kwaulere, ndipo oomba ng'oma a ku Burundi, oimba a ku Congo ndi oimba akuno amagawana nsanja. Malo ochitira zisudzo ndi nyimbo mu Blantyre ndi ochepa, n'zoona. French Cultural Centre, imene boma linagula kwa Afalansa mu 2011 n'kuitcha Blantyre Cultural Centre, inaberedwa katundu nthawi yomweyo ndipo yatha zaka zambiri ikudikira kukonzedwa. Imeneyo ndi nkhani ya boma ndi bajeti, ndipo tiyenera kupitiriza kuifunsa. Koma holo yokongola yopanda anthu masana siisiyana ndi bwalo la fumbi lopanda anthu masana. Gawo limenelo lili m'manja mwathu.

Kwa okonza zikondwerero ndili ndi mapempho ochepa. Sakanizani ndondomeko. Ikani gulu la valimba kapena la tchopa 8 koloko usiku, pakati pa oimba awiri otchuka, khamu lili kale m'bwalo, muone ngati anthu athawe. Lembani mayina awo pa positala monga mumalembera a anzawo, m'malo mowaunjika onse pansi pa mawu akuti magule a makolo, ngati kuti alibe mayina kapena kwawo. Apatseni nthawi yoyesa zokuzira mawu, chifukwa valimba yoikidwa maikolofoni imodzi pakona imamveka ngati munthu akukhoma misomali, ndipo omvera amaweruza chida pamene wolakwa ndi woyendetsa makina. Woulutsa mawu asawaitane ngati chodikirira, asawatche agogo athu okhaokha, anene kuti ndi ndani, achokera kuti, akuimba chiyani. Ndipo alipireni ngati akatswiri. Amene waimba ndi manja ake kwa theka la ola asalandire zotsala za amene wabwera ndi flash disk.

Kwa ife ophunzira, makamaka a maphunziro a mbiri, zilankhulo, zisudzo, nyimbo ndi utolankhani, ntchito ndi yochepa koma ndi yathu. Tifike msanga, tikhale kutsogolo, tivomere nyimbo. Woimba amene akuona nkhope zomvetsera amaimba mosiyana ndi amene akuona mipando. Akatsika timufunse dzina, tiyang'ane chida chake, ndipo ngati tili ndi kangachepe timutumizire pa Mpamba kapena Airtel Money. Tikajambula kanema tilembe dzina lake ndi mudzi wake, asangokhala bambo wina wa pa status. Amene tikusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, mutu uli pansanja pomwepo, ndipo mwini wake amayankha mafunso m'chilankhulo chathu. Amene tili m'makomiti okonza zisangalalo pasukulu tingathe kupatula ola limodzi la bandi yoimba ndi zida zenizeni. Amene tikudziwa kudzaza mafomu tingathandize woimba wa kumudzi kulembetsa nyimbo zake ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso limene lakhalapo kuyambira 1992, kuti nyimbo yake ikadzavuta pa TikTok asadzangomva mbiri.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Oimba amene anthu ku Roskilde kapena ku WOMAD amawadikira pamzere, ife tili nawo pamtunda wa minibasi imodzi, ndipo ena a iwo sanakwerebe ndege. Wotsatira wa Madalitso Band mwina akuimba pakali pano pakhonde la shopu ina ku Limbe kapena pa Victoria Avenue, anthu akumudutsa. Tingathe kudikira kuti mlendo wina adzamupeze, amujambule, amutumize ku Ulaya, kenaka ife tidzagawane nkhani yake pa WhatsApp ndi timbendera ta Malawi. Tingathenso kumumvera tsopano, akadali wathu tokha, ndipo akadzapita kunjako adzapite ngati munthu amene kwawo amamudziwa. Nyengo ya zikondwerero ikafika, onani pa positala nthawi imene geti likutsegulidwa, mutenge chipewa ndi botolo la madzi, mukafike nthawi imeneyo.